Za mndandanda wa "do not = don't" pa bolodi

Aphunzitsi, ambiri a inu mumaudziwa mndandanda uwu. Kumanzere kwa bolodi timalemba "do not", "does not", "I am", "he is". Kumanja timalemba "don't", "doesn't", "I'm", "he's". Ana amawerenga mokweza pamodzi, nakopera m'mabuku, phunziro n'kutha. Njirayi ndi yacidule ndipo siifuna zipangizo zambiri. Koma tiyeni tiione bwino, cifukwa imasiya kunja zinthu zimene mwana wa kwa Zingalume, m'boma la Chadiza, amadziwa kale.

Mwanayu amalankhula Cicewa kunyumba. Malinga ndi kharikyulamu ya 2013, mwana wotere ankaphunzira m'Cinyanja kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 4, ndipo Cizungu cinkayamba monga phunziro mu Giredi 2. Pofika apo amakhala atawerengapo mawu monga "m'nyumba", "m'munda" ndi "n'zoona". Iye adziwa kuti "m'nyumba" ndi "mu nyumba", ndiponso kuti "n'zoona" ndi "ndi zoona". Kacizindikiro ka pamwamba (') kamamuuza kuti pamenepo pacoka lembo. Lamulo ndi lomwelo mu "don't", mmene mwacoka lembo la o. Mndandanda woloweza uja umamupatsa cinthu cacizolowezi ngati cacilendo. Yambani ndi "mu munda", fufutani u ana akuona, ikani kacizindikiro, kenaka citani cimodzimodzi ndi "do not".

Komabe kufanana kumeneku kuli ndi malire, ndipo mndandanda suwaonetsa.

Coyamba, m'mawu akuti "ng'ombe" ndi "ng'oma" mulibe lembo limene lacoka. Kacizindikiroko kamasiyanitsa mvekero wa ng' ndi wa ng, monga mu "ngoma", nyama ya m'chire ija. Auzeni ana zimenezi, kuti asamafunefune lembo losowa paliponse.

Caciwiri, Cinyanja cimakana kumayambiriro kwa mneni: "ndimadya" asanduka "sindidya". Khutu la mwana lazolowera kumva si- patsogolo. Cizungu cimabisa kukana kumapeto, mu n't, pamene liwu limatsika. Mwana amene sanazolowere kumvetsera kumapetoko angamve "don't" ngati "do". Akauzidwa kuti "We don't drink this water", iye angamve zosiyana ndi zimene zanenedwa. Pamene maphunziro amakhala m'Cizungu, vuto lotere limalowanso m'masamu ndi m'sayansi.

Cacitatu ndi kachulidwe. Mawu a Cinyanja amatha ndi vawelo, conco ana amati "donti" ndi "dazinti". Musawakalipire. Amene wanena "donti" wasonyeza kuti kukana kuja wakumva. Kachulidwe kadzawongoka akamamva inu mukunena bwino tsiku ndi tsiku.

Cacinayi ndico cimene mndandanda umalephera kotheratu. Timati "She eats nsima", koma pokana timati "She doesn't eat nsima". Lembo la s lacoka pa "eats" n'kukalowa mu "does". Mwana amene waloweza mawu awiri okha, popanda ciganizo, amalemba "She doesn't eats". Mlandu si wake: sanaonetsedwe kumene s wapita. Cimodzimodzinso ndi mayankho afupi. Timati "No, I don't", koma sitinena "Yes, I'm". Tiyenera kunena "Yes, I am". Cizindikiro ca = pa bolodi cimanamiza ana kuti mbali ziwirizi zingasinthane paliponse.

Kodi mndandanda tiutaye? Ayi. Uli ndi nchito yake pa mapeto a phunziro, monga cikumbutso copacika pa cipupa. Cofunika ndi kusintha dongosolo. Ana ayambe kumva ndi kulankhula ziganizo zonse za moyo wa kwao: "I don't eat pumpkins", "My brother doesn't herd goats". Muwafunse m'Cinyanja kuti, "Kodi amaweta mbuzi, kapena saweta?" Yankho lawo lidzakuonetsani amene wamva n't ndi amene sanamve. Akamva bwino, alembe ziganizo ziwiriziwiri, covomera ndi cokana, ndi kudula mzere pansi pa s. Pambuyo pake, ana eni ake akuthandizeni kulemba mndandandawo, aliyense akuchula lembo limene lacoka.