Lumo lomwe linapulumutsa Cinema Paradiso

Filimu ya Giuseppe Tornatore yotchedwa Nuovo Cinema Paradiso itatuluka ku Italy mu Novembala 1988, anthu sanapite kukaionera. Inali ya mphindi 155, ndipo eni nyumba zambiri zoonetsera kanema anaichotsa msanga poona mipando ili mbee. Tornatore anali ndi zaka 32, ndipo iyi inali filimu yake yachiwiri. Franco Cristaldi, mkulu yemwe anaikapo ndalama, sanagwe ulesi. Filimuyo anaifupikitsa n'kutsala maola awiri ndi mphindi zochepa, ndipo yofupikayo ndiyo inakatenga mphoto ya Grand Prix ku Cannes mu 1989, kenako Oscar mu Marichi 1990. Ku America, komwe ankaionetsa a Miramax, inalowetsa madola pafupifupi 12 miliyoni. Zimenezo ndi ndalama zambiri kwa filimu yomwe oonera amachita kuwerenga mawu m'munsi mwa chithunzi.

Ena amati Cristaldi anangothamangira ndalama n'kuononga luso la mnyamatayo. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo chifukwa chake chili pa zimene zinadulidwazo.

Nkhaniyi ndi ya Totò, mwana wamasiye wa m'tauni ya Giancaldo ku Sicily, yemwe amakulira m'kachipinda ka makina oonetsera kanema pambali pa Alfredo, woyendetsa makinawo. Filimu iliyonse isanaonetsedwe kwa anthu, wansembe Adelfio amayamba waionera yekha, belu lili m'manja. Mwamuna ndi mkazi akangoti apsompsonane, belu ngwe, Alfredo n'kulowetsa kapepala mumpukutu kuti adzadule pamenepo. Totò atakula amakondana ndi Elena, koma chikondicho chimangozimirira, ndipo Alfredo, yemwe tsopano ndi wakhungu chifukwa cha moto wa m'kachipinda muja, amamuuza kuti achoke asadzabwererenso. Amabwera patatha zaka 30, kudzaika maliro a Alfredo.

Mu filimu yaitali, Totò wachikulire, yemwe dzina lake lenileni ndi Salvatore, amakumananso ndi Elena. Amakhala m'galimoto usiku n'kuululirana zonse: asanalekane, Elena anabweradi kudzamufuna, anapeza Alfredo yekha, ndipo Alfredo anamupempha kuti amusiye mnyamatayo akapange tsogolo lake. Uthenga womwe Elena analemba pakapepala sunamufike. Gawo lonseli linachotsedwa, pamodzi ndi Brigitte Fossey yemwe anasewera Elena wachikulire. Ntchito yake yonse inathera pansi, ndipo zimenezo n'zomvetsa chisoni ndithu, chifukwa anasewera bwino.

Koma taonani zomwe zimachitikira woonera. Mu yofupika, sitiuzidwa chomwe chinalekanitsa awiriwa. Timatsala ndi funso lomwe Salvatore wakhala nalo moyo wake wonse, ndipo timalowa nalo limodzi m'chipinda china ku Rome, komwe akuonera yekha mpukutu womwe Alfredo anamusiyira. Ndi tizidutswa tonse tija tomwe belu la wansembe linkaletsa, tolumikizidwa kamodzi, nyimbo ya Ennio Morricone ndi mwana wake Andrea ikulira. Jacques Perrin, yemwe anasewera Salvatore wachikulire, sanena liwu lililonse. Nkhope yake imangosungunuka pang'onopang'ono mpaka misozi. Pamenepo m'pomwe chikondi chonse chomwe filimu yatimana chimatitsanukira nthawi imodzi. Mu yaitali, timafika pamalo amenewa titakhuta kale. Tamuona Elena, tamva mayankho, talira m'galimoto muja. Mpukutuwo umasanduka ngati kalata yopepesa ya munthu yemwe anapalamula, ndipo maganizo athu amakhala pa kuweruza Alfredo m'malo moonera zomwe zili patsogolo pathu. Yaitaliyo ndi nkhani yowawa kwambiri, mwinanso yoona kwambiri pa za mtengo womwe munthu amalipira kuti akhale katswiri. Koma inafotokoza zomwe zithunzi zinali zitanena kale. Roger Ebert, wolemba ndemanga wa ku Chicago, nayenso anaona kuti yofupika ndiyo yabwino.

Mkangano umenewu sukanakhala wa aliyense pakadapanda zoonera kunyumba. Mu 2002 ina yaitali kwambiri, ya mphindi zoposa 170, inaonetsedwa ku America, ndipo kuchokera apo ma DVD ndi ma Blu-ray, monga omwe a Arrow anatulutsa ku Britain mu 2013, akhala akuika ziwirizi m'paketi imodzi. Mufilimu momwemo, mwini nyumba ya kanema ya Paradiso amadandaula kuti wailesi ya kanema ndi matepi a vidiyo zinamulanda anthu, n'chifukwa chake nyumbayo ikugwetsedwa kuti pakhale poimikapo magalimoto. Dandaulo lake ndi lomveka, ndipo kuonera filimu iyi wekha pabalaza sikungafanane ndi holo yodzaza anthu oseka, olira, olavulirana. Komabe ndi kunyumba komwe wophunzira luso angaimike, kubwerera m'mbuyo, n'kuona ndi maso ake pomwe lumo linadutsa.

Ngati muli ndi paketi yotereyi, yambani ndi yofupika. Yaitali muidikiritse masiku angapo, chifukwa mukangomva zomwe Alfredo anauza Elena, simudzamuyang'ananso Philippe Noiret, yemwe anasewera Alfredo, m'kachipinda kaja ndi mtima womwe munali nawo poyamba.