Mtsikana uja wa ku Bunda tamulira molakwa

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino mwayi wagwera ine. Ndikufuna tibwerere ku nkhani yaifupi imene achimwene athu ena adaponya muno sabata yatha, ya mtsikana wokhoza bwino MSCE yemwe ankalakalaka udokotala ku KUHeS, koma dzina lake n'kutulukira ku Bunda, kumaphunziro a udokotala wa ziweto. Ambiri mudaikonda. Inenso ndidaiwerenga kawiri ndili pabenchi panga kumsika, makasitomala atachepa.

Tiyambe ndi zokoma. Pamene bambo ake amva uthengawo n'kungopitiriza kukonola chimanga osatukula mutu, mayi atayamba nthungululu n'kuisiyira panjira, mlembi adagwira ntchito. Sadatiuze kuti bamboyo wakhumudwa, tidaona tokha. Chichewa chakenso n'chapakhomo, chosakakamiza.

Vuto langa lili poti mlembi akuoneka kuti akugwirizana ndi bamboyo. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto, aliyense m'nkhanimo akumupepesa mtsikanayu ngati kwagwa maliro, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa. Bwererani mukaiwerengenso, muona chodabwitsa: nkhani ya dokotala wa ziweto, yochitikira pakhomo pa mlimi, koma mulibe nkhuku, mbuzi, ngakhale galu wouwa. Ndiye ife owerenga tiyeza bwanji chimene mtsikanayu wapeza kapena wataya?

Chachiwiri, amene mudaperekezapo mwana pofunsira malo kuyunivesite za boma mukudziwa kuti pafomu ya NCHE mwana amalemba yekha maphunziro amene akufuna. Ndiye kuti tsiku lina mtsikanayu adakhala pansi n'kulemba za ziwetozo ndi dzanja lake. Ankaganiza chiyani? Adabisira bambo ake? Kapena kudali kungodzaza mpata? Apa ndi pamene padali mtima wa nkhani, koma mlembi adalumphapo, n'kuzionetsa ngati tsoka longogwa kuchokera kumwamba.

Mwina mukuti ndikulimbikiranji. Ine ndimagulitsa nkhuku zachikuda. Chaka china chitopa chidandilowera, nkhuku zimene ndidapikula ndi ndalama ya banki mkhonde zidayamba kuwodzera, makosi kupindika, pofika Loweruka dengu lili mbee. Ngongole ndidabweza ndi misozi. Chonsecho katemera wake ndi kadontho kamodzi m'diso, kungoti kumudzi komwe ndidakapikulako kudalibe wowafikira nako. Funsaninso amene amagulitsa nyama ya nkhumba zimene zimachitika chigodola chikabuka, boma n'kuletsa malonda: amakhala masabata manja ali m'thumba, ana akufuna fizi. Nanga chiwewe? Munthu wolumidwa zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchipatala kulibenso chochita. Amene amabaya agalu katemera ndiye wapulumutsa mwana uja asadalumidwe n'komwe. Ameneyo tizimuti dokotala wa agalu monyoza?

Sindikunena kuti mlembi akadasandutsa nkhani yake phunziro la zaulimi, ayi. Bambo wonyoza ntchitoyi alipodi, tonse tikumudziwa, ndipo ali ndi malo m'nkhani. Koma wolemba amayenera kuona patali kuposa anthu ake. Pakadangopezeka mbuzi imodzi yodwala kukhola kwa bambo yemweyo, kapena agogo amene ng'ombe zawo zidatha ndi nkhupakupa dibi itasiya kugwira ntchito, kukhala chete kwa bamboyo kukadalemera kawiri.

Tavomerezani, nkhani zathu zambiri muno mwana akapambana ndiye kuti wavala gauni yoyera m'chipatala kapena ndi loya. Ana athu amawerenga zimenezi pamafoni athu omwewa, ndipo akuphunzira ntchito zoyenera kuchita nazo manyazi.

Achimwene, cholembera muli nacho chakuthwa. Tipatseni gawo lachiwiri. Mtsikanayu abwere kuholide, nkhumba ya bambo ake ikulephera kuswa pakati pa usiku, tione amene adzagogode pachitseko cha mnzake.