Miyala ya Great Zimbabwe ndi Funso la Malume

Tidanyamuka ku Harare m'bandakucha, ine ndi malume anga amene adapita ku Zimbabwe kukafuna ntchito kalekale, moti masiku ano Chichewa chawo chimasakanikira Chishona. Kukafika ku Masvingo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, choncho pamene tinkalowa m'mabwinja a Great Zimbabwe n'kuti dzuwa lili paliwombo. Tidakwera phiri kudzera m'kanjira kopanikiza pakati pa matanthwe, tidatsikira m'chigwa, tidazungulira linga lalikulu ndi kujambulitsa pafupi ndi nsanja yake yosongoka. Ulendo wa tsiku limodzi umathera pomwepo.

Malowa sindingawanyoze. Linga la m'chigwalo ndi la miyala yosanja popanda matope kapena simenti, kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 250 ndipo pena limatalika mamita 11. Chimene chidandivuta ndi nkhani imene tidauzidwa.

Wotionetsa malo, mnyamata waulemu ndi wodziwa ntchito yake, adathera nthawi yambiri pa funso limodzi: kodi adamanga ndani? Adatiuza za Karl Mauch wa ku Germany amene adafika mu 1871 n'kuganiza za mfumukazi ya ku Sheba, za Theodore Bent amene adafukula mu 1891 n'kupereka ulemuwo kwa anthu akunja, ndi za Richard Hall amene kuyambira mu 1902 adakumba ndi kutaya dothi lomwe lidasunga umboni wa eni mzindawo. Adatchulanso David Randall-MacIver amene mu 1905 adati omanga adali Aafirika, Gertrude Caton-Thompson amene adatsimikiza zomwezo mu 1929, ndi Peter Garlake amene adachoka m'dzikolo mu 1970 chifukwa boma la Ian Smith silidafune kumva zimenezi. Zonsezi n'zoona ndipo n'zoyenera kunenedwa. Koma taonani mndandandawo: mayina onse ndi a alendo. Mlandu udagamulidwa zaka pafupifupi 100 zapitazo, ife tikadali pabwalo kudziteteza. Pa maola awiri amene tidakhala kumeneko, makolo a Ashona amene adamanga mzindawu kuyambira m'zaka za m'ma 1100 mpaka m'ma 1400 adangotchulidwa ngati yankho la funso la azungu.

Malume ndiwo adatsegula maso anga. Atapuma pamthunzi wa khoma adandifunsa chapansipansi kuti, "Mphwanga, nanga anthuwa ankagona pati? Khomali lilibe denga." Nditapereka funsolo kwa mnyamata uja, adatilozera mwachangu timabwinja tadothi tomwe tidali titadutsa osatiyang'ana n'komwe. Anthu a mumzindawu, ngakhale mafumu amene, ankakhala m'nyumba zozungulira zomata ndi dothi ndi zofolera udzu. Makoma amiyala aja ankatchinga mabwalo ndi kusonyeza ulemerero wa eni ake, monga umachitira mpanda wa kwa mfumu. Kunja kwa malingawo kudali nyumba zambirimbiri za anthu wamba: oweta ng'ombe, zomwe zidali chuma chenicheni cha ufumuwo, olima mapira ndi mawere, osula zitsulo, oumba mbiya. Golide ndi minyanga ya njovu zinkapita kugombe la nyanja yamchere, ndipo pobwera kunkabwera mikanda ndi mbale za ku China. Ngakhale ndalama yachitsulo ya ku Kilwa idapezeka pamalopa. Mzinda wamoyo udali umenewu, koma mvula idausungunula, n'kusiya zokhazo zimene mlendo wothamangira basi angajambule.

Apa ndiyenera kudziulula. Ndili pamwamba pa phiri lija, m'mtima mwanga mudabwera kansanje: bwanji makolo athu a Chimaravi sadatisiyire zoterezi? Ndidazindikira pambuyo pake kuti muyeso umene ndinkagwiritsa ntchito udali wa Mauch yemweyo. Iye adati anthu ogona m'nyumba zadothi sangamange ndi miyala. Ife timayankha kuti tidamanga, koma osatsutsa ganizo lakuti mwala ndiwo chitukuko ndipo dothi ndi umphawi. Tidakana yankho lake, funso lake tidalisunga.

Kwathu kuno, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kuli Mankhamba komwe kudali likulu la Kalonga. Katswiri wathu wofukula za makedzana, Yusuf Juwayeyi, adapezako mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi zinthu za minyanga, umboni wakuti nakonso malonda ankafika kutali. Koma kulibe khoma loti munthu aimepo n'kujambulitsa. Ineyo ndadutsa pa Mtakataka kambirimbiri popita kunyanja, osapatuka ngakhale tsiku limodzi, chonsecho ndidawoloka malire awiri kukaona miyala ya eni ake.

Pobwerera ndidawauza malume zimenezi. Adaseka, nandifunsa ngati nyumba ya agogo kumudzi ikadalipo. Ndidawauza kuti tidaigwetsa, tidamangapo ya njerwa.