Luso la wojambula limaonekera pa ngodya

Pa mapulani akale khoma linkangokhala mizere iwiri yoyendera limodzi, zotsalazo n'kuzisiyira mmisiri womanga. Wojambula wa lero amene akugwiritsa ntchito Revit kapena Archicad amachita kulimanga khomalo m'kompyuta, gawo ndi gawo, lisanagulidwe ngakhale thumba limodzi la simenti. Ntchitoyi imaoneka yopepuka kwa woonerera, koma ine ndikaona munthu akuigwira bwino ndimachita naye kaso.

Tengani khoma wamba la nyumba za ku Britain. Ife tinazolowera khoma la njerwa lopakidwa pulasitala uku ndi uku, koma kumeneko mvula yowomba cham'mbali ndi kuzizira zinawaphunzitsa kumanga makoma awiri osiya mpata pakati. Kunja kumakhala njerwa ya mamilimita 102.5, kenaka mpata wa mpweya, tinene 50, kenaka chotchinga kuzizira cha 100, mabuloko a 100, ndipo mkati mwenimweni bolodi la pulasitala la 12.5. Zonse pamodzi ndi mamilimita 365. Mu Revit wojambula amatsegula tebulo la khomalo n'kulemba magawowa motsatana, kuchokera kunja kulowa mkati, lililonse ndi kunenepa kwake komanso chipangizo chake. Mpaka apa aliyense angathe. Ndi kulemba chabe.

Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wophunzira chili pa kagawo kena ka tebulolo, pamene gawo lililonse limapatsidwa ntchito ndi nambala. Lonyamula katundu wa nyumba ndi 1, loyalapo zina ndi 2, la mpweya kapena lotchinga kuzizira ndi 3, ndipo zomalizira za kunja ndi mkati ndi 4 ndi 5. Makoma awiri akakumana, gawo la nambala yaing'ono limaboola la nambala yaikulu mpaka litapeza linzake. Choncho buloko imafunafuna buloko, njerwa imatembenuka ndi njerwa, ndipo pulasitala amapatuka kuti zolemera zidutse. Archicad, ya kampani ya Graphisoft imene Gábor Bojár anayambitsa ku Budapest mu 1982, inatenga njira ina: kuyambira mu 2013 mphamvu imeneyi imakhala pa chipangizo chenichenicho, pa sikelo ya 0 mpaka 999, ndipo kumeneko nambala yaikulu ndiyo imapambana. Njira zonse ziwiri zikufunsa funso limene mmisiri wakale ankaliyankha ndi manja ake: apa pakumana zinthu ziwiri, ndi chiti chipitirire, ndi chiti chiime?

Wojambula waluso mudzamuona akuyandikitsa ngodya imodzi mpaka itadzaza sikirini yonse. Akuyang'ana ngati chotchinga kuzizira chazungulira ngodyayo osaduka. Chikaduka ngakhale pang'ono, pamenepo kutentha kwa m'nyumba kudzathawira kunja, chinyezi chidzaunjikana, ndipo nyengo yozizira ikafika pangodyapo padzachita nkhungu yakuda. Iye amaziwona zimenezi nyumba isanakhalepo, n'kubwerera ku tebulo kukasintha nambala imodzi, osati kuphimba cholakwikacho ndi mizere yojambulira pamwamba. Kuphimbako n'kosavuta ndipo papepala sikuoneka, koma khoma likadzasunthidwa mizereyo imatsala m'malere. Amene amakana njira yachidule imeneyi ndi amene ndimam'lemekeza.

Pa zenera ndiye pali ntchito. Khoma likabooledwa, magawo onse asanu aja amakhala poyera, ndipo lililonse liyenera kuuzidwa pothera. Revit imalola kuti zomalizira zipindikire m'mphepete mwa bowolo, koma ndi magawo okhawo amene ali kunja kwa malire otchedwa Core Boundary. Ndiye kuti poika malirewo, pachiyambi penipeni, wojambula anali ataganizira kale zenera limene anali asanaliike. Akudziwanso kuti njerwa ya ku Britain ndi 215 m'litali ndi 65 m'mwamba, matope a pakati n'kukhala 10, motero mzere uliwonse umakwera ndi 75. Akaika pamwamba pa khomo pa 2100, ndi mizere 28 ndendende. Bowo la njerwa zinayi amalipatsa 910, pomwe chipilala cha njerwa zinayi amachipatsa 890, chifukwa bowo limawonjezera matope amodzi ndipo chipilala chimachotsa amodzi. Kompyuta siidandaula mukalemba 900. Wodandaula ndi mmisiri amene adzakhale tsiku lonse akudula njerwa pa mphepo yozizira, ndipo wojambula wabwino amamukumbukira munthu ameneyu ngakhale sadzakumana naye.

Khoma silifanananso kuchokera pansi mpaka pamwamba. M'munsi mumakhala njerwa zolimba zosamwa madzi, ndipo pepala lotchinga chinyezi, lotchedwa DPC, limayalidwa pamtunda wosachepera mamilimita 150 kuchokera pa nthaka. Apa wojambula amasanjikiza mitundu iwiri ya khoma, kapena amamasula gawo la njerwa lokha kuti litsike kukafika ku maziko pamene bolodi la mkati laima pa simenti ya pansi. Chomasulira gawolo ndi kaloko kakang'ono kamene amakadina pa chithunzi cha khoma lodulidwa, kobisika moti ambiri amagwira ntchito nthawi yaitali asanakapeze.

Pali luso linanso losaonekera: kudziwa zosiya. Tizitsulo tomangirira makoma awiri aja timaikidwa motalikirana 900 cham'mbali ndi 450 chokwera, ndipo nyumba imodzi ingakhale nato tambirimbiri. Wophunzira amafuna kuti tonse tioneke, fayilo n'kulemera mpaka kompyuta kumakwawa. Katswiri amatisiya kuti tikaoneke pa chithunzi chatsatanetsatane ndi m'malangizo olembedwa. Ngakhale Revit yeniyeniyo, imene Leonid Raiz ndi Irwin Jungreis anaitulutsa mu 2000 Autodesk isanaigule mu 2002, imafuna kuti pepala lotchinga chinyezi lilembedwe ndi kunenepa kwa 0. Lilipo, lili ndi dzina ndi malo ake, koma silidya mpata.

Wina anganene kuti uku n'kuchulutsa gaga m'diwa. Ine ndimakumbukira Grenfell Tower ku London, kumene pa 14 June 2017 moto unapha anthu 72. Unayambira m'khitchini ya pa nsanjika yachinayi, n'kutulukira m'mphepete mwa zenera, n'kukagwira zophimba kunja zokhala ndi polyethylene mkati. Kafukufuku wa boma anapeza kuti zotchinga moto m'mipata ya khoma zinali zosakwanira ndipo zina zinaikidwa molakwika. Sindikunena kuti kompyuta ikanapulumutsa anthuwo. Panali chinyengo ndi kunyalanyaza kumene pulogalamu singachize. Koma lipoti la Judith Hackitt la 2018 linalangiza, ndipo lamulo la Building Safety Act la 2022 limene linatsatira linalamula, kuti pa nyumba zazitali zokhalamo anthu pazisungidwa pa kompyuta mbiri yolondola ya zimene zili m'nyumbamo, ndipo izisinthidwa nthawi iliyonse pakasintha kanthu. Ku England wojambula amene akulemba dzina la chipangizo pa gawo lachitatu la tebulo lija tsopano amadziwa kuti oyang'anira chitetezo cha nyumba angathe kudzafunsa za mzere umenewo, ndipo ayenera kulemba chimene chidzaikidwedi m'khomamo.