Imfa ya Ikemefuna: Mlandu Wopanda Mwini mu Things Fall Apart

Ambiri amene alembapo za buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart (1958), akafika pa mutu 7 amaloza cala Okonkwo yekha. Amati iye anatema Ikemefuna, mnyamata amene anakhala pakhomo pake zaka zitatu namuitana kuti atate, cifukwa coopa kuyesedwa wofooka monga Unoka, bambo wake. Izi nzoona, koma kuyang'ana Okonkwo yekha kumabisa funso lina: nanga amuna ena onse a Umuofia aja anafika bwanji pakupha mwana wosalakwa?

Achebe anaigawa nchitoyo tizidutswatizidutswa. Agbala ndiye analamula. Akuluakulu anangofikitsa uthenga. Mnyamatayo anamunamiza kuti akumperekeza kwao ku Mbaino, ndipo anamsenzetsa mtsuko wa mowa monga pa ulendo wamtendere. Amene anayamba kutukula cikwanje mlembi sanamchule ndi dzina lomwe. Munthu aliyense anatenga kacigawo kocepa koti nkugona nako tulo. Aphunzitsi a ciyankhulo aonetsetse kalankhulidwe ka Ezeudu pocenjeza Okonkwo: mwininkhani m'ciganizo cake ndi Umuofia, ndiye kuti mudzi wonse, osati munthu wakutiwakuti. Mudzi ulibe dzanja logwira cikwanje, komabe mwana anafa. Hannah Arendt, polemba za mlandu wa Adolf Eichmann mu 1963, anakumana ndi cinthu cofananako, ngakhale kuti kuyerekeza Umuofia ndi boma la Nazi kungakhale kupyola muyeso.

Covuta kwambiri ndi Obierika. Ophunzira athu amamkonda cifukwa anakana kupita nawo, ndipo m'mutu 8 anadzudzula mnzakeyo kuti zimene anacita zingakwiyitse mulungu wa nthaka. Koma tiyeni timvetsetse maganizo ake. Iye sanatsutse cigamulo ca Agbala. Cimene anakana ndi kuti dzanja lake likhale lomwe licite. Ezeudu nayenso sanapemphe kuti mnyamatayo aleke kuphedwa, anangoti Okonkwo asatengeko mbali. Anthu awiri acifundo koposa m'bukuli anasamala za kuyera kwa manja, pamene Ikemefuna anali kuyenda m'nkhalango akuganizira za amai ake ndi mlongo wake.

Nwoye yekha ndiye amene cinamuthyokera mumtima, ndipo iye anali mwana, wopanda mau pabwalo.