Kodi Buddha anali ndi maso abuluu?

Mwezi wathawu ndinagula buku lakutha pa mulu wa mabuku a kaunjika m'mbali mwa msewu ku Limbe. Dzina lake ndi The Long Discourses of the Buddha, lomwe Maurice Walshe anamasulira kuchokera m'Chipali, ndipo linatuluka koyamba mu 1987 lili ndi dzina lina. Chipali ndi chinenero chamakedzana cha ku India chomwe chinasunga Tipiṭaka, malemba opatulika a Abuda a ku Sri Lanka, Myanmar, Thailand, Laos ndi Cambodia. Ine si Mbuda, ndine mlakatuli chabe. Ndinaliwerenga ndi maso a mlakatuli, ndipo liwu limodzi lonena za mtundu wa chinthu linandiimitsa.

Mu ulaliki wa nambala 30, wotchedwa Lakkhaṇa Sutta, muli mndandanda wa zizindikiro 32 za pathupi la Buddha. Chimodzi mwa izo chimati maso ake anali abhinīla. Walshe anamasulira kuti anali abuluu, monganso anachitira T. W. Rhys Davids ndi mkazi wake m'buku lawo la mu 1921. Nditamuwerengera mnzanga wina ndimeyi, iye anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti mkuluyu anali mzungu eti?" Tinaseka, koma funsolo silophweka. Liwu limodzi lasandutsa mwana wa m'munsi mwa mapiri a Himalaya kukhala munthu wa kwina, ndipo wowerenga amene sadziwa Chipali alibe pogwira kuti atsutse.

Tsinde la liwuli ndi nīla. Dikishonale ya Rhys Davids ndi William Stede, yomwe inatuluka pakati pa 1921 ndi 1925, imavomereza kuti nīla amayambira pa buluu woderapo, n'kufika pa kuda, mpakanso pa kubiriwira. Nkhalango yooneka chapatali ndi nīla. Mtembo umene wayamba kusintha khungu amautcha vinīlaka. Ndipo pa mndandanda womwewu wa zizindikiro 32, cheya cha pathupi la Buddha achitchanso nīla, n'kuchiyerekeza ndi añjana, mankhwala akuda opaka m'zikope. Pamenepa Walshe anaona kuti buluu yekha sakwana, choncho anamuphatikiza ndi kuda. Nanga atafika pa maso anaiwala bwanji? Sindikuti buluu ndi bodza, poti alipo amisiri achibuda amene amajambuladi maso otero. Dandaulo langa ndi lakuti watipatsa chigawo chimodzi cha tanthauzo ngati kuti ndi lonse.

Ife Achewa vutoli sitiyenera kulidabwa. Liwu lathu lakuti kubiriwira silikhala m'malire amene Chingerezi chinaika, n'chifukwa chake tinachita kubwereka buluu. Chikasu nachonso chisanakhale mtundu chinali chomera. Chipali chimayenda chimodzimodzi: lohita ndi kufiira komanso ndi magazi, ndipo mañjiṭṭha ndi kufiira kwa utoto wochokera ku mizu ya chomera cha dzina lomwelo. Eni malembawa ankadziwa kuti dzina la mtundu ndi loterera. Mu ulaliki wa nambala 16 wa m'buku lomweli, wosimba masiku omaliza a Buddha, mtundu uliwonse aumangirira ku chinthu chooneka: nīla ku duwa la ummā, pīta ku duwa lachikasu la mtengo wa kaṇikāra, lohitaka ku duwa lofiira la bandhujīvaka, ndipo odāta ku nyenyezi yowala ngati nthanda. Anayi onsewo awayerekezanso ndi nsalu yosalala ya ku Benares. Njira yake ndi imeneyo: womasulira azifunsa kaye kuti liwuli laikidwa pa chiyani, duwa, tsitsi kapena diso.

Mkanjo wa amonke nawo wavutika m'manja mwa omasulira. Dzina lake ndi kāsāva, ndipo kuyambira pa Max Müller, amene Dhammapada yake inalowa m'gulu la mabuku a Sacred Books of the East mu 1881, Chingerezi chakhala chikuutcha wachikasu. Chonsecho Vinaya, buku la malamulo a amonke, limaletsa mkanjo umene uli wachikasu wokhawokha, monganso limaletsera wofiira wokhawokha, wakuda wokhawokha ndi wa nīla wokhawokha. Kāsāva ndi mtundu wofwifwa wa utoto wa makungwa, mizu ndi mitengo. Amonke a m'nkhalango za ku Thailand amanyika mikanjo yawo m'madzi owiritsa mtima wa mtengo wa jakifuruti, ndipo imatuluka yofiirira ngati dothi. A ku Myanmar amavala yofiira moderako. Chopweteka kwambiri kwa mlakatuli ndi ichi: ndime ya nambala 9 ya Dhammapada imaseweretsa kāsāva, mkanjo, ndi kasāva, litsiro la mumtima, pofuna kunena kuti wosasamba mkati sayenera chovalacho. Mukangoti chikasu, sewero lonselo lafera pomwepo.

Tsono pali liwu lina lomwe limalumikiza nkhani ya mitunduyi ndi ya zilembo. Vaṇṇa m'Chipali ndi mtundu wa chinthu, komanso ndi gulu limene munthu wabadwiramo, ndendende ngati liwu lathu lakuti mtundu. Apa Chichewa chikhoza kumasulira ndi liwu limodzi pomwe Chingerezi chimafuna awiri. Koma kwa akatswiri a galamala ya Chipali vaṇṇa ndi chilembonso. Galamala ya Kaccāyana imawerenga zilembo 41, pomwe ya Moggallāna imawerenga 43.

Zilembo zimenezi zimaoneka bwanji? Yankho ndi lakuti Chipali chilibe alifabeti yakeyake. Kwa zaka mazana angapo chinkasungidwa pamtima, mpaka pomwe amonke anachilemba pa masamba a mgwalangwa ku Aluvihara, ku Sri Lanka, m'zaka 100 zomaliza Yesu asanabadwe. Kuchokera apo dziko lililonse linachiveka zovala zake: zilembo za Chisinhala, za Chibama, za Khom ku Cambodia ndi ku Siam, za Tham kumpoto kwa Thailand ndi ku Laos. Mlembi ankakanda tsamba ndi kachitsulo kosongoka, kenaka n'kupakapo mwaye wosakaniza ndi mafuta kuti zilembo zide. Ku Burma mabuku a mwambo wodzoza amonke, otchedwa kammavācā, ankawalemba ndi utomoni wakuda pa masamba agolide ndi ofiira, m'zilembo zonenepa zomwe amazitcha njere za bwemba. Mfumu Mindon inalembetsa Tipiṭaka yonse pa miyala 729 ku Kuthodaw, mu mzinda wa Mandalay, ntchito yomwe inatha mu 1868. Mu 1893 Mfumu Chulalongkorn ya ku Siam inasindikiza malembawa m'mabuku 39 a zilembo za Chithai. Bambo ake, a Mongkut, ali mmonke anapeka alifabeti yatsopano ya Chipali yotchedwa Ariyaka, koma siinafale.

Zilembo za Chiroma zomwe ndikulembera panozi zinakhazikika ndi Pali Text Society, bungwe lomwe Rhys Davids anayambitsa ku London mu 1881. Ntchito yawo ndi yaikulu, ndipo popanda iwo ine sindikanawerenga ndi liwu limodzi lomwe la Chipali. Koma zilembo 26 sizikwana mawu 41, motero anawonjezera timizere pamwamba ndi timadontho pansi. Tizinthu timeneti ndi tosachedwa kugwa. Kāḷa, wokhala ndi kadontho pansi pa l, ndi kuda. Kadonthoko kakagwa patsala kāla, liwu lomwe limatanthauzanso nthawi. Mu alifabeti ya Chisinhala kapena ya Chibama ma l awiriwa ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo palibe chogwa. Ife amene timaona kadenga ka ŵ kakusowa pa dzina la dziko lathu lomwe tsiku ndi tsiku, tikuidziwa bwino ngozi imeneyi. Ndikupempha akonzi a tsamba lino kuti asandigwetsere timadontho tanga, apo ayi ndime ino isanduka umboni wa zomwe ndikunenazi.

Choncho mlandu wanga ndi buku la Walshe ndi wochepa koma weniweni. Limawerengeka bwino, silitopetsa, ndipo ndikulimbikitsa aliyense amene angalipeze kuti aliwerenge. Koma pa nkhani ya mitundu likutsata chizolowezi chakale chopatsa liwu lililonse la Chipali mnzake mmodzi wa Chingerezi, ngati ukwati wosatha. Wowerenga amatseka bukulo akuganiza kuti waona Buddha, chikhalirecho waona Buddha wodutsa m'maso a ku London.

Tsiku lina wina adzafuna kumasulira Dhammapada kapena maulaliki amenewa m'Chichewa. Ndikumupempha kuti asadzadzere njira yachidule ya Chingerezi, chifukwa adzatibweretsera maso abuluu ndi mkanjo wachikasu, zolakwa za eni ake zomwe ife tidzangozilandira. Adzapite ku Chipali chenichenicho, adzafunse za duwa, za muzu ndi za nyenyezi. Mwina adzapeza kuti diso la abhinīla m'chinenero chathu ndi diso lakuda bii, lonyezimira ngati dziwe lakuya. Mwina adzapeza lina loposa pamenepa. Chachikulu asadzafulumire, poti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.