Chipolopolo Chosochera: Za Kukondera kwa Nyuzipepala ndi Wailesi pa Nkhani za Mfuti

Mau oyamba

Mwana akaswa mphika wa mai ake sanena kuti "ndaswa mphika." Amati "mphika wasweka." Mwanayo sadaname, pakuti mphikawo wasweka ndithu, komabe mai aliyense amadziwa kuti m'mau amenewo muli munthu amene wabisala. Umenewu ndi umodzi mwa misintho ya mneni, ndipo uli ndi mbale wake, msintho wochitidwa. Nkhani yanga ili pa misintho iwiriyi, ndi m'mene nyuzipepala ndi wailesi za kuno kwathu zakhala zikubisiramo anthu pamene mfuti yalira.

Adandiyambitsa kuganiza zimenezi ndi maliro. Zaka zingapo zapitazo ndidaika m'manda mnyamata wa m'mudzi wina m'tsinde mwa phiri la Chongoni. Mlonda adamuombera usiku m'munda wa mbatata ya kachewere wa munthu wina wolemera, thumba lili pamutu. Kuba adabadi, sindikumuyeretsa ai. Madzulo a tsiku la maliro wailesi ina idaulutsa kuti munthu woganiziridwa kuti ndi mbava wafa ataomberedwa. Dzina lake silidamveke, chonsecho ine ndinali nditalilemba m'buku la omwalira m'mawa womwewo. Woombayo sadatchulidwe. Kuti mfutiyo inali ya yani, ndiponso ngati inali ndi chiphaso monga likunenera Lamulo la Mfuti la 1967, palibe adafunsa. Mai a malemuyo adandiyang'ana nati, "Abambo, kodi akunena mwana wangayo?"

1. Mfuti ziwiri

M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pathanthwe, zimene bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira adajambula Akafula, zoyera adajambula makolo athu Acheŵa pa chinamwali ndi pa Nyau. Woyang'ana bwino amaphunzirapo chinthu chimodzi: wojambula sajambula zonse, amasankha. Mtolankhani nayenso ali ndi thanthwe lake lochepa, ndipo kusankha sitingamuletse. Chimene tiyenera kumufunsa ndi muyeso umene amasankhira.

M'mapiri omwewa makolo athu adathawiramo nkhondo za Angoni ndi za ogula akapolo amene adadza ndi mfuti za gogodela. Mu 1890 maiko a ku Ulaya adapangana ku Brussels kuti athetse ukapolo, nagwirizananso kuti mfuti zamakono zisamagulitsidwe kwa anthu akuda. Kuyambira pamenepo dziko lino lidakhala ndi mfuti ziwiri. Ina ndi ya boma, ndipo ikalira amati ikusungitsa bata. Ina ndi ya munthu wamba, ndipo ingoganiziridwa kuti ilipo, amati pali chiwembu.

Mu 1959 boma la atsamunda lidalengeza kuti a Congress adapangana zopha Azungu, ndipo nyuzipepala za Azungu kuno ndi ku London zidainyamula nkhaniyo ngati yotsimikizika. Komiti ya Devlin itafufuza sidapeze umboni wa chiwembu chotere, koma idawerenga anthu akuda 51 ophedwa ndi asilikali ndi apolisi, osachepera 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi. Mfuti zongoganiziridwa zidadzaza masamba oyamba. Zimene zidaphadi anthu zidadikira komiti yochokera kunja kuti iziwerenge.

2. Apayoniya ndi Disembala wa 1993

Ufulu udasintha mwini mfuti, koma sudasinthe galamala. Gulu la Malaŵi Young Pioneers lidayamba mu 1963, ndipo lamulo la 1965 lidaliteteza kotero kuti wapolisi sakadamanga Mpayoniya popanda chilolezo. Wailesi inali imodzi, ya MBC. Daily Times ndi Malaŵi News zinali m'manja mwa kampani ya Dr. Banda. Kwa zaka makumi atatu zidationetsa Apayoniya ngati alimi ndi akatswiri a perete, ndipo pamenepo sizidaname. Koma kuti gulu la chipani linali ndi nkhokwe zake za zida, kunja kwa asilikali ndi apolisi, imeneyo sinali nkhani. Kalata ya Aepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itawerengedwa, nyuzipepala zomwezo zidapeza mau ambiri onyoza Aepiskopi. Za moto umene udayatsidwa pa makina osindikizira a Amontfort ku Balaka, ndi za anthu pafupifupi 40 ophedwa m'zipolowe za Meyi chaka chomwecho, ambiri adazimvera ku wailesi zakunja.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita, mbali zonse zidagwirizana kuti Apayoniya alandidwe zida, koma boma lidazengereza. Pa 1 Disembala Apayoniya adaombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu. Pa 3 Disembala asilikali adathira nkhondo malikulu awo ku Lilongwe ndi misasa yawo m'zigawo zonse, ntchito imene idatchedwa Bwezani. Anthu oposa 20 adafa, ndipo Apayoniya ngati 2,000 adathawira ku Mozambique. Ine ndinali mnyamata wa ku pulaimale. Ndikukumbukira bambo anga akupotokola wailesi kuchoka pa MBC kunka ku BBC ndi ku Channel Africa, kufunafuna ku London ndi ku Johannesburg zimene zinkachitika ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi lokha kuchoka kwathu.

Apa ndipo pali phunziro limene sitikonda kulimva. Chaka chimenecho kudabadwa nyuzipepala zambiri zoima pazokha, ndipo zidaombera m'manja asilikali. Chifukwa chinalipo, pakuti chisankho cha pa 17 Meyi 1994 sichikadakhala chaufulu chipani chimodzi chili ndi ankhondo akeake. Komabe powerenga masamba a masiku amenewo ndimaona kuti chidasinthika n'chakuti tsopano wopanda dzina anali Mpayoniya. Ambiri mwa anyamatawo adalowa gululo pofuna ulimi ndi umisiri, ndipo nawonso anali ndi amai awo. Ndiponso mafunso enieni a kulanda zida sadapatsidwe malo owayenera: mfuti zidagulidwa zingati, zidabwezedwa zingati, zidaoloka malire zingati? Akale adati anyani amasekana zikundu. Nyuzipepala yokondera asilikali ndi yokondera Apayoniya zidadwala nthenda imodzi: zonse zidafunsa kuti mfuti ili m'manja mwa anzathu kapena mwa adani, osati kuti ili pansi pa lamulo kapena ai.

3. Mfuti ya mlendo

Ife a ku Dedza timadziwa kuti malire ndi mseu chabe. Kuchokera ku Dedza kunka ku Lizulu, mbali ina ya mseu ndi Malaŵi, ina ndi Angonia, ndipo mfunda ndi womwewo. Pofika 1992 othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo adapitirira miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo Dedza ndi Ntcheu adalandira ochuluka zedi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri za AK-47 sizidabwezedwe, ndipo zina zidalowadi kuno. Kuyambira apo mau akuti "mfuti zochokera ku Mozambique" adasanduka yankho la umbanda uliwonse.

Yankholo ndi loona, koma theka. Mfuti siyenda yokha. Pamene pali wogulitsa pali wogula, ndipo wogulayo kawirikawiri anali mwana wakwathu. Wailesi yathu sidatifotokozerenso bwino chimene Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adadzera ku Blantyre mu Seputembala 1986, podandaula kuti Renamo ikupeza pothawira kuno. Kuloza mlendo n'kosavuta, chifukwa mlendo sagula nyuzipepala ndipo savota.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yokoma ya tsidya lomwelo sidamveke kwenikweni. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa Anglikani, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera, potsata masomphenya a mneneri Yesaya m'mutu 2. Chaka chomwecho apolisi a Mozambique ndi South Africa adayamba kufukula ndi kuononga nkhokwe za zida. Mu Ogasiti 2001 maiko a SADC adasaina pangano loyang'anira mfuti, ndipo adasainira mu Blantyre mommuno. Ndi angati mwa akristu athu adamvapo?

4. Julaye 2011

Pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julaye 2011 anthu 20 adaphedwa, ochuluka ku Mzuzu. Bungwe la MACRA lidaletsa wailesi kuulutsa zochitikazo pamene zinkachitika, ndipo Capital, Joy ndi MIJ zidazimitsidwa kwa kanthawi. Atolankhani ena adamenyedwa atathawira m'tchalitchi ku Lilongwe. Zoulutsa mau za boma zidatsindika za kuthyoledwa kwa masitolo, zimene zidachitikadi. Nyuzipepala ndi wailesi zoima pazokha zidapita ku zipatala, kuwerenga mitembo ndi kutchula maina. Pamenepo zidachita bwino, ndipo komiti yofufuza idavomereza mu 2012 kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso.

Pa nkhani zotere ndi pamene timamva kawirikawiri mau akuti "chipolopolo chosochera." Mbuzi imasochera, mwana amasochera, pakuti ali ndi miyendo ndi maganizo. Chipolopolo chimapita kumene chala chachitumiza. Wophunzira nzeru za Aristotle adziwa kuti chochitika chilichonse chili ndi wochichititsa, ndipo kufotokoza imfa popanda iyeyo n'kusafotokoza konse. Taonani kusiyana kwake: mbava "zaombera ndi kupha mlonda," koma wochita zionetsero "wafa pa chipwirikiti." Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo zikuoneka kuti satchulikanso.

5. Choona ndi chilungamo

Nthendayi si yathu yokha. Ku America kuli misika yoonetsera ndi kugulitsa mfuti. Ophunzira awiri atapha anzao ndi mphunzitsi pa sukulu ya Columbine mu 1999, zidadziwika kuti mfuti zitatu mwa zinai zidagulidwa pa msika wotere, ndipo kuyambira apo ofuna malamulo okhwima ndi oteteza ufulu wokhala ndi mfuti akhala akunenezana kuti nyuzipepala zikukondera enawo. Chionetsero chathu ife ndi tebulo la pa polisi: mfuti zolandidwa zili pamwamba, oganiziridwa akhala pansi, kamera ikujambula. Chithunzicho n'choona. Chimene sitichiona ndi buku la ziphaso, ndi buku la m'nkhokwe ya zida losonyeza amene adatenga zipolopolo zingati, nabweza zingati.

Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti choona ndi kugwirizana kwa nzeru ndi chinthu monga chiliri. Augustino Woyera adaika muzu wa bodza mu mtima wapawiri. Tikawaphatikiza tiona kuti munthu angathe kusokeretsa mnzake ndi ziganizo zoona zokhazokha, ngati chithunzi chotsala m'mutu mwa womvera sichigwirizana ndi chimene chidachitika. N'chifukwa chake Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano, m'chikalata cha Inter Mirifica cha pa 4 Disembala 1963, sudapemphe nkhani zoona chabe, koma zoona ndi zathunthu, m'malire a chilungamo ndi chikondi. Katekisimu amaphunzitsanso kuti boma lili ndi udindo woyang'anira kapangidwe ndi malonda a zida. Tsono boma limene lapatsidwa udindo umenewu liyenera kuyang'aniridwa nalonso, ndipo maso a anthu ndiwo atolankhani. Lamulo lachisanu ndi chitatu likagona, lachisanu limasowa mlonda.

Sindikunena kuti boma lisakhale ndi mfuti, kapena kuti wapolisi amene wakumana ndi mbava za AK-47 usiku alibe moyo woti auteteze. Sindikunenanso kuti atolankhani onse ndi oipa mtima. Ambiri amakondera chifukwa cha umphawi ndi mantha: alibe ndalama yokwerera galimoto kunka ku Linthipe kapena ku Mayani, amaopa milandu, ndipo nkhani imawapeza pa lamya italembedwa kale ndi mneneri wa apolisi. M'chilankhulo chathu mau akuti mneneri ali ndi matanthauzo awiri, wolankhulira ofesi ndi wolankhulira Mulungu. Woyambayo ali pa ntchito yake ndipo sitimuda. Vuto limadza pamene wachiwiriyo angobwereza za woyamba.

Mau otsiriza

Tisaloze ena okha. Mpingo uli ndi Radio Maria, Radio Alinafe, Luntha ndi The Lamp, ndipo kuposa zonsezi uli ndi guwa. Ifenso ansembe timadziwa kunena pa maliro kuti "zachitika," makamaka pamene mwini mfuti ndi amene adapereka malata a tchalitchi. Inu abale amene muli m'seminale, mukamva nkhani ya mfuti, zolowerani kufunsa zinai: wafayo ndani, waombayo ndani, mfutiyo n'ja yani, ndipo ndani adailoleza? Ngati yankho silikudziwika, nkhaniyo inene poyera kuti silikudziwika, m'malo mobisa mpatawo mu msintho wa mneni.

Mai uja ndidawayankha kuti inde, akunena mwana wawo. Koma pa ulaliki wa m'mawa uja nanenso sindidatchule mwini munda, ndipo funso la chiphaso sindidalitengere kulikonse. Dzina la mnyamatayo lili m'buku la parishi. Mafunso atatu enawo akali osafunsidwa, ndipo mmodzi mwa amene adayenera kuwafunsa ndine.